KUYANG'ANIRA NG'OMBE PA NTHAWI YOSWA

Mlimi amene ali ndi ng'ombe ali ndi manyowa a m'munda, mkaka wa ana, ndiponso ng'ombe zokoka khasu ndi ngolo yopita ndi mbewu ku msika. Zonsezi zimayambira pa mwana wa ng'ombe wobadwa wamoyo. Ng'ombe zambiri zimaswa zokha popanda vuto. Koma zina zimafa pamodzi ndi ana awo chifukwa mwini wake anachedwa kuthandiza, ndipo zina zimavulala chifukwa anathandiza nthawi isanakwane.

Dziwani tsiku

Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283, ndiye kuti miyezi 9 ndi masiku ochepa. Lembani tsiku limene yakweredwa. Ikatsala milungu iwiri, isamapite kubusa kutali. Ikonzereni malo ouma, oyalidwa udzu, osati m'khola la matope. Sungani sopo, ndowa, zingwe ziwiri zofewa zochapa bwino, ndi mankhwala a ayodini.

Yang'anirani kwambiri misoti imene ikuswa koyamba, ndiponso ng'ombe zathu zazing'ono za Zebu zimene zinakweredwa ndi nkhunzi zazikulu monga Friesian, pakuti mwana akhoza kukula kuposa njira.

Zizindikiro

Mawere amadzaza, njira ya mwana imatupa, ndipo mnofu wa mbali zonse za tsinde la mchira umalowa m'kati. Tsiku likafika ng'ombe imapatuka pa zinzake, imagona ndi kudzuka, imatukula mchira. Izi zimatenga maola 2 mpaka 6, ndipo msoti ukhoza kupitirira apo. Pa nthawi imeneyi musaisokoneze. Muziiona muli chapatali.

Kenaka limaoneka thumba la madzi ndipo ng'ombe imayamba kukankha ndi mphamvu. Mwana wobwera bwino amatsogoza miyendo iwiri ya kutsogolo, pansi pa ziboda pataloza pansi, mphuno itagona pamwamba pa miyendoyo. Ng'ombe yozolowera imatsiriza mu ola limodzi. Msoti ukhoza kutenga maola awiri. Ngati mwana akutulukabe pang'onopang'ono, ilekeni.

Nthawi yothandiza

Lowererani mukaona chimodzi mwa izi:

1. Ng'ombe yavutika maola oposa 8 koma thumba la madzi silinaoneke.
2. Thumba laoneka, papita maola awiri mwana asanatuluke.
3. Yakankha ndi mphamvu mphindi 30 koma mwana sakusuntha.
4. Watuluka mwendo umodzi wokha, mutu wokha, kapena mchira.
5. Pansi pa ziboda paloza kumwamba. Kawirikawiri iyi ndi miyendo ya kumbuyo. Mwana wotere afunika kutuluka msanga chiuno chikangodutsa, chifukwa mchombo umapanikizika mutu ukadali m'kati.

Kathandizidwe kake

Wengani zikhadabo. Sambani mikono ndi sopo, ndipo tsukani kumbuyo kwa ng'ombe. Valani magolovesi ataliatali ngati alipo, pakuti matenda ena ochotsa bere pa ng'ombe amagwiranso anthu. Munthu wa zilonda m'manja ndi mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi.

Lowetsani mkono woterera bwino, ndipo mupapase. Mukapeza miyendo iwiri ya kutsogolo ndi mutu pakati pake, mangani chingwe pa mwendo uliwonse, pamwamba pa mfundo ya chiboda. Kokani pamene ng'ombe ikukankha, ikapuma nanunso pumani. Yambani mwendo umodzi, kenaka winawo, kuti mapewa adutse limodzi limodzi. Chifuwa chikatuluka, kokerani chapansi, cha ku miyendo ya make.

Anthu awiri akwanira. Musakoke ndi ng'ombe zapagoli, ngolo kapena gulu la anthu. Mudzang'amba make ndi kuthyola mwana. Ngati mutu kapena mwendo wapindikira m'mbuyo, kukoka sikuthandiza. Mukayesa mphindi 20 osaphula kanthu, lekani. Tumani munthu kwa mlangizi wa ziweto nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Mwana akabadwa

Chotsani zonanda m'mphuno ndi m'kamwa. Ngati sakupuma, mtikiteni ndi chiguduli ndipo mugwazeni pang'ono m'mphuno ndi kaudzu koyera kuti ayetsemule. Musamupachike chadodolido. Viikani mchombo mu ayodini, ndipo mlekeni make amunyambite.

Mwana ayamwe mkaka woyamba wachikasu uja pasanathe maola awiri. M'menemo ndimo muli chitetezo cha matenda, ndipo matumbo ake amaleka kuchilandira pakatha tsiku limodzi. Musautaye, ndipo musakame wonse. Mwana wofooka mumwetseni pang'onopang'ono ndi botolo loyera.

Make mupatseni madzi ambiri ndi msipu wabwino. Nsapo imagwa yokha pasanathe maola 12. Ikwirireni mozama kuti agalu asaifukule. Ikakhala tsiku lathunthu isanagwe, musaikoke kapena kumangirira mwala, itanani mlangizi. Chitaninso chomwecho ng'ombe ikalephera kudzuka, ikataya magazi ambiri, kapena chiberekero chikatuluka kunja.

Chaka chino yambani ndi kulemba tsiku limene ng'ombe iliyonse yakweredwa, ndipo funsiranitu kumene mlangizi wa ziweto wa dera lanu amakhala, vuto lisanafike.