Mafunso ndi Mayankho: Zinkhwe Zakuda za ku Australia

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa kwathu kuno amene akugwira ntchito ku Perth, ndipo akuti: "Mbalame zikuluzikulu zakuda zimadutsa pakhomo panga zikulira mokweza, koma ndikazijambula pamangotuluka chimdima chopanda diso kapena nthenga. Kodi nditani?"

Bambo wanga, zimenezo ndi zinkhwe zakuda, zimene kumeneko amazitcha cockatoo. Ndipo ngati zili ndi mawanga oyera m'masaya ndi kumchira, n'kutheka kuti ndi za mtundu wa Carnaby, umene supezeka kwina konse pansi pa thambo koma kumwera chakumadzulo kwa Australia. Popeza kamera ikaona thambo lowala imachepetsa kuwala kolowa, mbalame yakudayo imamira mumdima. Chotero onjezerani kuwalako pang'ono, ndipo muzijambula m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, lili kumsana kwanu. Koposa zonse musazithamangire, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Funani mtengo wa banksia kapena wa paini umene pansi pake pali mbwee makoko otafunidwa, mukhale phee chapatali, ndipo mudzaona mbalame itagwira chipatso ndi phazi limodzi, kawirikawiri lamanzere, ikuchiswa ndi mlomo. Yamlomo wakuda ndi khungu lofiirira kuzungulira diso ndiyo yaimuna, yamlomo wotuwa ndiyo yaikazi.

Mayi winanso akufunsa ngati angakwere makwerero kuti ajambule anapiye m'mphako. Iyayi, mayi, ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musatero. Mphako yokwanira mbalame yotere imapezeka mu bulugamu wa zaka zoposa 100, ndipo mitengo yambiri yotero idagwetsedwa pamene anthu ankatsegula minda ya tirigu. Kuwonjezera apo, ngakhale yaikazi imaikira mazira awiri, kawirikawiri amene amakula ndi mmodzi yekha, kotero kuti makolo akathawa chisa chifukwa cha mantha, mbewu ya chaka chonse yatayika, ndipo mtundu umene uli kale pangozi ucheperachepera.

Ngati mufuna kuzitumikira mbalamezi, bungwe la BirdLife Australia limachititsa kalembera wotchedwa Great Cocky Count m'mwezi wa Epulo, pamene anthu odzipereka amaziwerenga dzuwa likulowa, zikutera m'mitengo imene zimagona. Kalembetseni, mayi, ndipo mudzatilembere zimene mukaone.