Pa Njinga Kuchoka ku Ng'ombe Mpaka ku Kariba: Mafunso ndi Mayankho

Ku Ng'ombe, mu Lusaka, njinga si yachilendo. Imabweretsa malasha m'mamawa, imanyamula zigubu za madzi, imaperekeza mwana ku sukulu. Koma kawirikawiri ulendo wake umathera pa msika. Kabuku kano n'ka munthu amene akufuna kutsika nayo m'chigwa cha Zambezi, kudutsa m'dziko la zigwembe la Lusitu, mpaka kukaona nyanja ya Kariba, kumene kumachokera magetsi aja timawadandaula akathima.

Njira yake ndi iti, nanga ndi yaitali bwanji?

Mukatuluka mu Ng'ombe mumadzera mu Roma n'kulowa mu Great East Road, kenako Cairo Road, mpaka kutulukira pa Kafue Road. Mumadutsa Chawama, Makeni, Chilanga ndi pa geti ya Shimabala, n'kufika ku Kafue mutapalasa makilomita pafupifupi 45 kuchokera m'tauni. Mukangowoloka mlatho wa Kafue, pa Turnpike, msewu umagawika. Wakumanja ukupita ku Mazabuka ndi Livingstone. Wanu ndi wa ku Chirundu, wotchedwa T2. Kukatsala makilomita osakwana 20 kuti mufike ku Chirundu, mumakhotera kumanja kulowa msewu wa M15, ndipo Siavonga, tauni ya pagombe la Kariba, ali makilomita ngati 65 kuchokera pamphambanopo. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo wonse ndi wa phula.

Munthu angaukwanitse tsiku limodzi?

Anyamata a mpikisano, a njinga zopepuka zamatayala oonda, amaukwanitsa. Enafe masiku awiri, ndipo atatu si manyazi. Yambani mwadziyesa kaye. Palasani kupita ku Chongwe n'kubwerera tsiku lomwelo, kapena lowani Leopards Hill Road Loweruka m'mawa, kumene okonda njinga amachitirako masewera. Ngati m'mawa mwake mukutha kukhalanso pachishalo osakwinya nkhope, ndiye kuti mwakonzeka.

Njinga yanga ndi ya makedzana, yopanda magiya. Ingafike?

Ingafike. Eagle ya ku Chipata ija, kapena Buffalo, zinapangidwira katundu wolemera kuposa inu ndi chikwama chanu. Vuto lake ndi lakuti pachikweza mudzatsika n'kumakankha, ndipo zikweza zilipo. Ya magiya, ngakhale yogula pa salaula, idzakupulumutsani maondo.

Chimene simuyenera kunyengerera ndi mabuleki ndi matayala. Musananyamuke pitani nayo kwa wokonza njinga, aike malabala atsopano a mabuleki, amange masipoko, athire mafuta tcheni. Tengani machubu awiri, pampu, zigamba ndi guluu wake, sipanala, ndi malegeni omangira katundu. M'chigwamo minga ndi yambiri, ndipo mbuzi zimaikokera mpaka m'mphepete mwa phula.

Poti Lusaka ali pamtunda ndipo Kariba ali kumunsi, si kungotsetsereka basi?

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Zoona, Lusaka ali pa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene madzi a Kariba akadzaza amafika pa mamita 488. Koma kutsikako sikuli kofanana njira yonse. Mpaka ku Kafue ndi kukwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Mukapitirira Turnpike mumalowa m'mapiri, ndipo msewu umatsika, n'kukweranso, n'kukhota, usanakuponyeni m'chigwa. Chakumapeto, mutatopa kale, pali zitunda zina zokhotakhota musanaone madzi a ku Siavonga.

Malo oopsa kwambiri ndi mtsetse umene madalaivala amautcha Kapiri Ngozi. Msewu uwu ndi wa mathiraki opita ndi kuchokera ku Zimbabwe ndi South Africa, odzaza mkuwa, mafuta ndi feteleza. Thiraki ikamatsika pamenepo mumayamba mwamva fungo la mabuleki opserera isanaonekere n'komwe. Mukamva fungo limenelo, kapena hutala yosalekeza kumbuyo kwanu, musacheuke kuti muone kaye. Tulukani mu phula, imani.

Mabuleki anu nawonso amatentha. Musawagwire osasiya kuyambira pamwamba mpaka pansi. Gwirani, tayani, gwiraninso, ndipo muziima n'kukhudza limu ndi chala. Ikakuotchani, dikirani izizire, chifukwa limu yotentha imaphulitsa chubu. Njinga zimene buleki yake ndi yopondera m'mbuyo zimatenthera mkati mwa habu, kotero pamtsetse wautali ndi bwino kutsika n'kuyenda pansi. Usiku musayerekeze n'komwe.

Nyengo yabwino ndi iti?

Kuyambira Meyi mpaka Julaye. M'mawa ku Lusaka kumazizira mpaka zala kuuma pa handulo, koma m'chigwa kumakhala kofunda bwino. Mu Ogasiti mphepo ya kum'mawa imakula, ndipo popita ku Chirundu imakuombani kumaso. Mu Okutobala ndi Novembala musapite. Kutentha m'chigwamo kumapitirira madigiri 40, ndipo mitengo ya tsanya imakhala itayoyola masamba, mthunzi wake wosabisa ngakhale nkhuku.

Madamu amene ali panjirayi ndi ati?

Loyamba simuliona muli pa T2. Mukapitirira Turnpike pali msewu wopatuka kumanzere wopita ku Namalundu, kumene kuli damu la Kafue Gorge, lomangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Kumunsi kwake kuli latsopano, Kafue Gorge Lower, la mamegawati 750, limene makina ake oyamba anayamba kugwira ntchito mu 2021. Amenewa ndi malo otetezedwa a ZESCO. Pemphani chilolezo kwa alonda, ndipo foni isatuluke m'thumba asanakuuzeni kuti mungajambule.

Lalikulu ndi Kariba. Linamangidwa kuyambira 1955 mpaka 1959, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Khoma lake ndi lalitali mamita 128 ndipo kuchokera tsidya lino kufika tsidya la Zimbabwe ndi mamita 579. Simenti yambiri ya khomalo inachokera ku fakitale ya Chilanga, ija mwaidutsa tsiku loyamba thukuta lisanayambe. Pamwamba pa khomalo pamadutsa msewu wolowera ku Zimbabwe, choncho kuti mukapondepo muyenera kudzera ku ofesi ya pamalire. Musaiwale chitupa chanu.

Nanga zigwembe za ku Lusitu zinabwera bwanji?

Mukalowa M15 dziko limasintha. Udzu umatha. Pamatsala milambe, tsanya, mbuzi, ndi nthaka yofiirira yong'ambika. Madzi a mvula anakumba ngalande zimene zinakula n'kukhala zigwembe, zina zakuya kuposa msinkhu wa munthu, zokhala ndi makoma oima chilili. M'mphepete mwake mumaona mtengo utapendekeka, mizu yake ili pamtunda ikulendewera, ndipo pafupi pomwepo munda wa mapira umene chigwembe chikuudya chaka ndi chaka. Alendo amaima n'kujambula, amati n'kokongola. Koma zigwembezi zili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya damu lomwe mukupita kukaliona.

Madzi a Kariba atayamba kukwera, Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'mbali zonse ziwiri za Zambezi. Anthu amenewa ankalima m'mphepete mwa mtsinje, pa nthaka imene madzi osefukira ankainyowetsa ndi kuithira chonde, moti ankakolola kawiri pachaka. Pafupifupi 6,000 a m'dera la Mfumu Chipepo anauzidwa kuti apite ku Lusitu, kutali ndi kwawo, kumunsi kwa damu, kumene kunali kale anthu a mtundu wa Goba. Ambiri anakana. Mu Seputembala 1958, pa mudzi wa Chisamu, apolisi a boma la atsamunda anawombera amuna amene anali ndi mikondo ndi zibonga, ndipo asanu ndi atatu anafa. Otsalawo anakwezedwa m'malole. Atangofika ku Lusitu matenda anapha anthu ambiri, makamaka ana.

Nthaka imene anaipeza sinali yoti n'kudyetsa khamu lotere. Ndi nthaka yosachedwa kusungunuka ikanyowa, ndipo mvula ya m'chigwa imagwa mwaukali kwa kanthawi kochepa. Anthu anachuluka, minda sinapumenso, ng'ombe ndi mbuzi zinamaliza udzu, mitengo inapita ku minda ndi ku malasha. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda chofunda imangoitenga. Akatswiri awiri a ku America, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, anayamba kutsata moyo wa Atonga amenewa mu 1956, ndipo anapitiriza kwa zaka makumi angapo. Zimene analemba zimawerengedwa kulikonse kumene anthu akukangana za kumanga madamu akuluakulu.

Mukakweza maso mudzaona nsanja za mawaya akuluakulu a magetsi zikudutsa m'chigwamo kulunjika ku Lusaka. Kwa zaka zambiri midzi ya anthu amene anapereka malo awo ku nyanjayo inkagona mumdima mawayawo ali pamwamba pawo. Ife a ku Ng'ombe, amene timagula malasha ndi kulipira mayunitsi, nkhaniyi ikutikhudza mbali zonse ziwiri.

Pali zinanso zoti munthu aime n'kuona?

Ziwiri. Pafupi ndi mphambano ya Siavonga pali Chirundu Fossil Forest, pamene pali zipika za mitengo yakalekale imene inasanduka miyala zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Mukaiyang'ana ndi nkhuni, mukaigogoda ndi mwala. Ndi malo otetezedwa ndi boma, kotero musatole kachidutswa koika m'thumba.

Kwinako ndi Ingombe Ilede, kaphiri ka kufupi ndi kumene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi. Mu 1960 anthu okumba maziko a thanki ya madzi anapezapo manda akale okhala ndi mikanda ya golide, mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ndi mkuwa woumbidwa ngati mtanda. Ndiye kuti zaka mazana angapo zapitazo malonda ankadutsa kale m'chigwa chimenechi. Msewu wopita kumeneko ndi wafumbi, funsani eni dera.

Madzi ndi chakudya ndizipeza kuti?

Ku Kafue gulani zonse, chifukwa m'mapiri mashopu ndi otalikirana. Musanyamuke ndi madzi osakwana malita anayi, ndipo muzidzaza paliponse pamene mwapeza mjigo, ngakhale botolo lisanathe. Mtedza, mbatata yophika, nthochi ndi kamchere pang'ono zimagwira mimba kuposa mabisiketi. M'mphepete mwa msewu amayi amagulitsa malambe ndi masau nyengo yake ikafika, ndipo mukapeza chibwantu musachidutse. Kumeneko ndi kwa Atonga. Tsikani panjinga, perekani moni, kenako pemphani madzi. Kufuula muli pachishalo n'chipongwe kulikonse.

Ndikafika ndingasambe m'nyanja?

Ayi. Muli ng'ona, mvuu ndi likodzo. Sambani pa mpopi, mugone mu neti chifukwa malungo ndi ambiri, ndipo madzulo mukhale pagombe muone nyali za maboti a kapenta zikuyaka pamadzi. Kapenta ameneyo si mbadwa ya Zambezi. Anachita kumubweretsa kuchokera ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Yang'ananinso miyala ya m'mphepete. Mzere umene madzi anasiya umakuuzani pamene nyanja inkafika. Mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi anatsika mpaka kufupi ndi mamita 475.5, malire amene makina sangagwirenso ntchito bwino. Ndi chaka chija ku Lusaka magetsi ankasowa maola oposa 20 patsiku, ometa ndi owotcherera zitsulo n'kumagwira ntchito pakati pa usiku.

Nanga pobwerera?

Mamita onse aja munatsika akukudikirani. Ngati mwatsimikiza kupalasa, gonani kufupi ndi mphambano ya Siavonga kapena ku Chirundu, munyamuke kukangoyamba kuyera, kuti dzuwa likamakula mukhale mutakwera kale mbali yaikulu ya mapiri. Pokankha njinga pachikweza khalani kunja kwa phula, chifukwa thiraki yokwera ikalephera giya imabwerera m'mbuyo.

Ngati miyendo yakana, mabasi ang'onoang'ono a ku Lusaka amanyamuka ku Siavonga m'mawa. Masulani tayala lakutsogolo, mumange tcheni ndi pulasitiki kuti isadetse katundu wa anzanu, ndipo mtengo wonyamulira njinga mugwirizane ndi kondakitala isanakwezedwe, osati mutafika.