Ulendo Wokasangalala Uyambira pa Pepala

Ndifuna kukufotokozerani phunziro limene ndinaliphunzira kunyumba, ngakhale kuti liri la masamu ndithu. Ambiri a ife timakhumba kuti makolo athu atitengere kumalo okasangalala pa tchuthi, koma ndi owerengeka amene amadziwa kumene ndalama zake zichokera.

Pamene sukulu inatsegulidwa mu Januwale 2024, mnzanga wina wa ku Area 43 anatisimbira za Gold Reef City, malo a masewera a ku Johannesburg, kumene anapita ndi makolo ake pa Khirisimasi. Anati kuli tisitima tothamanga pa njanji zokhotakhota m'mwamba, ndiponso kuti alendo amatsitsidwa mu mgodi wakale wa golide, pakuti malowo anamangidwa pa mgodi umene unatsekedwa. Malo otere ali m'maiko ambiri, ndipo otchuka koposa ndi Disneyland, amene anatsegulidwa ku California mu 1955. Ine ndinasirira kwambiri.

Madzulo ake, titatha kudya kwathu ku Area 18, ndinapempha Bambo kuti nafenso tipite. Agogo aamuna, amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni pa nthawi ya Wenela, anaseka nati, "Ife ankatilipira kuti titsikire pansi, tsono iwe ufuna kukalipira ndiwe?" Bambo sanandikanize. Anandipatsa kope ndi pensulo nati, "Walira mvula walira matope. Lemba zonse zimene ulendowo ufuna, ukatha undionetse."

Ndinalemba mapasipoti a anthu 6, ndiwo Bambo, Mayi, Agogo, ine ndi ang'ono anga awiri. Ndinalemba basi yodzera ku Tete, ku Harare ndi ku Beitbridge, imene imakhala pa msewu pafupifupi masiku awiri. Ndinalembanso pogona, chakudya ndi ndalama zolowera pa chipata. Pamenepo ndinaona zinthu ziwiri. Choyamba, ndalama za pa chipata ndizo zinali zochepa pa zonsezo, chimene chimadya ndalama ndi njira ndi pogona. Chachiwiri, zinthu za kunja sizigulidwa ndi kwacha, ndipo kwacha inali itangochepa mphamvu. Mu Novembala 2023 mtengo wa dola imodzi unachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Motero munthu amene anasunga K118,000 poyembekeza kugula madola 100 anadzuka m'mawa akufunika K170,000.

Nditaonkhetsa zonse, ndinachita manyazi kuonetsa Bambo, popeza zinaposa malipiro awo a miyezi yambiri. Iwo anayang'ana pepalalo nati, "Njira zopitira ziripo ziwiri: kudya fizi yanu ya mu Sepitembala, kapena kutenga katapila. Usankha iti?" Sindinasankhe iriyonse. M'malo mwake tinagwirizana kuti tipite ku nyanja ku Senga Bay, ku Salima, mtunda woposa pang'ono makilomita 100 kuchokera ku Lilongwe, kumene munthu angathe kupita m'mawa ndi kubwera madzulo osalipira pogona. Tsono nazi njira zimene tinatsata.

Njira yoyamba ndiyo kulemba mtengo wa chinthu chirichonse, pofunsa, osati pongoganiza. Ine ndinapita ndekha ku depoti ya ku Old Town kukafunsa mtengo wa minibasi ya ku Salima ndi ya ku Senga Bay. Pepala lathu linali lotere: ulendo kupita ndi kubwera K120,000; chakudya K56,000; polowera ku gombe ndi zosewera za ana K40,000; zadzidzidzi K24,000. Zonse pamodzi K240,000. Mitengoyi inasintha kale, kotero musaitenge monga ya lero, koma tengani kawerengedwe kake.

Njira yachiwiri ndiyo kugawa ndalamazo ndi miyezi imene yatsala. Kuyambira Januwale kufikira Ogasiti ndi miyezi 8, ndipo K240,000 kugawa ndi 8 ndi K30,000 pa mwezi. Bambo ankapereka K15,000, Mayi K10,000 kuchokera pa geni yawo ya mandazi, ndipo ife ana K5,000. Gawo lathu tinkalipeza poyenda pansi m'malo mokwera kabaza, ndiponso poleka kugula tchipisi pa nthawi yopuma. Sizinali zapafupi, makamaka masiku a mvula, koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

Njira yachitatu ndiyo kusunga ndalamazo kutali ndi dzanja. Ndalama ya m'thumba imamva kuitana kwa wogulitsa aliyense. Ena amasunga ku banki, ena pa foni monga ku Airtel Money kapena ku Mpamba, enanso ku banki m'khonde. Amene asankha banki m'khonde ayambe afunsa mwezi umene gulu lawo limagawana, kuopa kuti tsiku la ulendo lingafike ndalama ziri m'manja mwa obwereka. Zathu zinkakhala pa foni ya Mayi, ndipo ine ndinkalemba m'kope mwezi ndi mwezi, onse akuona.

Njira yachinayi ndiyo kugula msanga zinthu zosaonongeka. Pa nthawi imene mitengo ikukwera, ndalama yogona imachepa yokha, koma mpunga suchepa. Chotero mpunga, mafuta ophikira, shuga ndi Sobo tinagula pang'onopang'ono ku msika wa ku Old Town. Nkhuku ziwiri tinaweta tokha kuseri kwa nyumba.

Njira yachisanu ndiyo kusankha bwino tsiku ndi kunyamula kamba. Pa Khirisimasi ndi pa Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, anthu amachuluka ku nyanja, ndipo malo m'galimoto amavuta. Ife tinasankha Loweruka la kumapeto kwa Ogasiti. Mayi anaphika mbandakucha, ndipo mwana aliyense anauzidwa tisananyamuke ndalama zimene angaononge pa zofuna zake, kuti pasakhale kulira pamaso pa anthu.

Njira yachisanu ndi chimodzi ndiyo kupatula gawo limodzi mwa magawo 10 kuti likhale la zadzidzidzi. Ine ndinkayesa kuti gawoli ndi lopanda ntchito, ndipo ndinapempha kuti tigulire mpira. Koma titafika ku depoti tsiku la ulendo tinapeza kuti mtengo wakwera ndi K1,500 pa munthu. Anthu 6, kupita ndi kubwera, ndi K18,000. Pakadapanda gawo lija tikadabwerera pa depoti pomwepo ndi mapoto athu. Pa K6,000 imene inatsala Agogo anagula usipa.

Tinasamba m'nyanja, tinaseweretsa ana mu mchenga, tinaona asodzi akukoka makoka awo, ndipo tinafika kunyumba kutada, titatopa koma opanda ngongole. Sukulu itatsegulidwa mu Sepitembala, fizi, yunifolomu ndi makope zinali zokonzeka.

Ngati kwanu ngakhale Salima ali kutali ndi thumba, musataye mtima. Pakati pa Old Town ndi City Centre pali Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, kumene amasamalira nyama zakuthengo zopulumutsidwa, ndipo kuli tinjira toyenda m'nkhalango. Ku City Centre mungathe kuona manda a Dr. Kamuzu Banda ndi nyumba ya malamulo, imene inatsegulidwa mu 2010. Ulendo wotere ufuna minibasi ndi kamba basi, koma nawonso ulembedwe pa pepala.

Pomaliza ndikupemphani, anzanga, kuti musanaumirize makolo anu kukutengerani uku ndi uku, muyambe mwatenga kope ndi pensulo. Ku Gold Reef City sindinafike, koma tsamba lake sindinang'ambe. Likali m'kope muja, ndipo Bambo anati ndidzalimalize ndekha ndikadzayamba ntchito.

Wophunzira wa Fomu 4