Yogati Wosefa: Phunziro la Mkaka wa Madzulo

Alimi anzathu, aliyense wa ife amene anakamapo ng'ombe m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale amadziwa vuto la mkaka wa madzulo. Msipu ukabiriwira ng'ombe zimatulutsa mkaka wochuluka, koma ndi nyengo yomweyo pamene misewu yochokera m'midzi yathu ya kuno ku Chongwe imasanduka matope. Mkaka wa m'mawa umafika ndithu kumalo osonkhanitsira mkaka, monga a ku Palabana, ngakhale njinga yake ikhale yokankha. Wa madzulo ndiwo umasowa kolowera. Ukagona m'chigubu popanda kuziziritsidwa, pofika m'mawa umakhala utayamba kusasa, ndipo woyeza akausakaniza pang'ono ndi spiriti n'kuona kuti waundana, amaubweza. Amene ankadalira firiji anaphunzira mu 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, kuti firiji yopanda magetsi ndi kabati chabe.

Makolo athu anali nalo yankho lawo, ndilo mabisi, amene abale athu a ku Malawi amati chambiko. Sitikuwanyoza mabisi, ambiri a ife tinakula nawo. Koma mabisi a mkaka wosawiritsa amasasa ndi tizilombo tilitonse timene tapezeka m'chipanda, tabwino ndi toipa tomwe, ndipo kukoma kwa lero sikufanana ndi kwa mawa. M'phunziro lino tikufuna kupita patsogolo pang'ono: kuwiritsa mkaka, kuusandutsa yogati, kenaka kuusefa m'nsalu mpaka utsale wolimba ngati tchizi wofewa, woti n'kupaka pa buledi.

Chakudyachi si chachilendo padziko lapansi. Ku Lebanon, Syria, Jordan ndi Palestine amachitcha labneh, ndipo amadya m'mawa atathirapo mafuta a olivi. Ku India, makamaka ku Gujarat ndi Maharashtra, amasefa yogati mofananamo n'kusakaniza ndi shuga ndi zonunkhira kuti apange shrikhand. Agiriki amasakaniza ndi nkhaka ndi adyo, n'kumati tzatziki. Anthu onsewa anafika panzeru imodzi chifukwa vuto lawo linali limodzi ndi lathu: ziweto zotulutsa mkaka, dzuwa lotentha, ndi mkaka umene sudikira munthu.

Chinsinsi chake n'chosavuta kumva. Pa magawo 100 a mkaka wa ng'ombe, pafupifupi 87 ndi madzi. Otsalawo ndi mafuta, mapuloteni, shuga wa mumkaka ndi michere. Mabakiteriya awiri a yogati, Streptococcus thermophilus ndi Lactobacillus bulgaricus, amadya shuga uja n'kumusandutsa asidi. Wachiwiriyo anamuzindikira ndi Stamen Grigorov, wophunzira za udokotala wa ku Bulgaria, mu 1905. Asidi akachuluka, puloteni yaikulu ya mumkaka imagwirana n'kukola mafuta mkati mwake, ndipo tizilombo tambiri towola timalephera kuswana m'malo owawasa chotero. Tikasefa, madzi amachoka pamodzi ndi shuga wina wotsala. N'chifukwa chake anthu ambiri amene mkaka wamba umawatsegula m'mimba amadya yogati wosefa popanda vuto.

Mkaka wake

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, choncho tiyeni tikhalitsepo. Phunziroli si njira yopulumutsira mkaka umene wabwezedwa kale. Mkaka umene wayamba kusasa umaduka ukangofika pamoto, ndipo supanga yogati. Ntchito iyambe madzulo omwewo, pasanathe maola awiri chikamireni.

Mkaka wa ng'ombe imene ikulandira mankhwala usagwiritsidwe ntchito. Ngati mwabaya oxytetracycline, kapena mwaika mankhwala m'bere chifukwa cha matenda otupitsa bere, werengani pabotolo masiku oyenera kudikira ndipo muwasunge onse. Mankhwalawo amapha mabakiteriya a yogati monga momwe amaphera a matenda, kotero mudzadzuka m'mawa n'kupeza mkaka uli madzi okhaokha. Choipa koposa n'chakuti mankhwalawo amalowa m'thupi la mwana amene wamwa. Mkaka woyamba wa ng'ombe yongobereka kumene ndi wa thole, musaulande.

Kuwiritsa nakonso sikokambirana. Chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ochotsa bere, otchedwa brucellosis, amafalikira kwa anthu kudzera mumkaka wosawiritsa, ndipo kusasa kokha sikutitsimikizira kuti tizilombo tawo tafa. Ng'ombe ikhoza kuoneka yonenepa bwino koma ili nawo.

Kupanga yogati

Tiyerekeze kuti muli ndi malita 5. Usefeni mkakawo pansalu yoyera, muuthire m'poto waukhondo, ndipo muutenthetse pa mbaula ya moto wodekha mukuvundula kuti usapserere pansi. Amene muli ndi choyezera kutentha, ufikitseni pa madigiri 85 ndi kuusunga pomwepo kwa mphindi 30, kapena pa madigiri 90 mpaka 95 kwa mphindi 5 mpaka 10. Amene mulibe, dikirani mpaka uyambe kukwera, kenaka phulani makala ena kuti ubwate pang'onopang'ono kwa mphindi 10. Kutentha kumeneku kuli ndi ntchito yachiwiri kuwonjezera pa kupha tizilombo: kumasintha mapuloteni ena a mumkaka kuti agwire madzi bwino, ndipo yogati amalimba.

Ikani poto wovundikira m'beseni la madzi ozizira mpaka mkaka utsike kufika pa madigiri 42 mpaka 45. Popanda choyezera, donthezani pang'ono kuseri kwa dzanja: ukhale wofunda kwambiri koma wosawotcha. Musapisemo chala. Tsono thiranimo mbewu, ndiye kuti yogati wopanda shuga ndi wopanda zokometsera, masupuni aakulu awiri pa lita iliyonse, kapena masupuni 10 pa malita athu 5. Tikuitcha mbewu chifukwa ndi yamoyo, ndipo malamulo ake ndi omwe aja a mbewu ya chimanga: yakale simera bwino, ndipo yobwereza kawirikawiri imafooka. Pogula m'sitolo, yang'anani tsiku lake ndipo musankhe wosungidwa m'firiji. Mukhoza kupatula wanu wa lero kuti akhale mbewu ya mawa, koma mukabwereza kanayi kapena kasanu, kapena mukaona kuti wayamba kutanuka ngati therere, gulani watsopano.

Vundikirani poto, mumukulunge m'bulangete, ndipo mumuike m'dengu kapena m'katoni yodzaza ndi udzu wouma. Asagwedezeke kwa maola 6 mpaka 8. Amene anakama pa 16 koloko n'kuthira mbewu cha m'ma 19 koloko amapeza yogati atagwirana m'bandakucha, asanapite kukhola. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, botolo la madzi otentha loikidwa pambali pa poto limathandiza kwambiri.

Kusefa

Sakanizani mchere m'yogati, supuni yaing'ono imodzi yosadzaza pa lita iliyonse. Ngati mukufuna wodyera ndi zipatso kapena wopatsa ana aang'ono, patulani wina wopanda mchere. Yalani nsalu yoyera ya thonje pa sefa kapena pa lichero laukhondo, thiranimo yogati, mangani nsonga zinayi za nsaluyo, ndipo muipachike pamwamba pa beseni.

Za nsalu tili ndi umboni wathu. Ulendo woyamba umene tinayesa ndi gulu lina la ophunzira, tinatenga chitenje chatsopano chifukwa ndicho chinali pafupi. M'mawa tinapeza tchizi wathu ali ndi maluwa a buluu. Nkhumba zinasangalala, ife ayi. Nsalu ikhale yoyera yopanda utoto, yosungidwira ntchito iyi yokha, yowiritsidwa m'madzi kwa mphindi 10 musanaigwiritse ntchito, ndi yoyanikidwa padzuwa mukatha kuichapa. Sopo wonunkhira amasiya fungo lake m'chakudya. Neti ya udzudzu musaiyandikize n'komwe, pakuti ili ndi mankhwala.

Kutalika kwa nthawi ndiko kumasankha chimene mupeze. Pakatha maola 3 kapena 4 mumakhala ndi yogati wokhuthala wodyera ndi supuni. Pakatha maola 12 amakhala wopaka pa buledi. Pakatha maola 24 kapena kuposa amalimba moti n'kuumba timipira. Koma samalani ndi nyengo. Mu Juni thumba likhoza kulendewera usana wonse m'chipinda chozizira, pomwe mu Okutobala, kutentha kukadutsa madigiri 30, limawawasa mopitirira ndipo ntchentche zimalipeza. M'nyengo yotentha ndi yamvula, amene alibe firiji asefe kwa maola ochepa a m'mawa, n'kumafinya thumba pang'onopang'ono kapena kuikapo mbale yolemera kuti madzi achoke msanga, ndipo adye tsiku lomwelo kapena lotsatira. M'firiji yogwira ntchito, m'chidebe chotseka bwino, amakhala sabata imodzi mpaka ziwiri. Mukaona nkhungu, kapena fungo lasanduka la mowa, tayani.

Pa malita 5 muyembekezere pakati pa kilogalamu imodzi ndi theka ndi makilogalamu awiri, malinga ndi kulimba kumene mwasankha ndi mtundu wa ng'ombe. Mkaka wa Jersey, pokhala ndi mafuta ndi mapuloteni ambiri, umapereka zochuluka kuposa wa Friesian.

Madzi achikasu amene adonthera m'beseni asatayidwe, ndipo ndi ochuluka, pafupifupi malita atatu. Muli shuga, michere ndi mapuloteni pang'ono. Kandirani ufa wa zitumbuwa kapena wa buledi, phikirani phala, kapena sakanizani ndi gaga wa nkhumba ndi nkhuku. Pa nkhumba yambani pang'ono, kuopa kuzitsegula m'mimba.

Kadyedwe

Kuno kwathu mafuta a olivi ndi odula, ndipo sitiona chifukwa chowafunira. Mafuta a mpendadzuwa oyengedwa kumudzi amagwira ntchitoyo bwino. Yalani yogati wosefa pambale, kumbani kadzenje ndi supuni, thiranimo mafuta pang'ono, ndipo muwazepo nshawa zokazinga zosinja ndi tsabola. Dyerani buledi, chinangwa chowiritsa, kapena mbatata yootcha, imene ambiri kuno timati kandolo. Ife timaona kuti kandolo ndiye mnzake weniweni, chifukwa kutsekemera kwake kumakumana ndi kuwawasa kwa yogati.

Pa nsima maganizo amasiyana. Amene anazolowera nsima ya mabisi amavomera msanga. Ena amati nsima yopanda ndiwo yotentha si nsima. Njira yapakati ndiyo kuthira masupuni awiri kapena atatu mu chibwabwa kapena repu mutaphula kale pamoto, m'malo mwa nsinjiro. Mukathira ndiwo zili kubwata, amaduka n'kuoneka ngati misere. Wosakaniza ndi nkhaka zodula bwino, adyo ndi mchere amayenda bwino ndi nyama yootcha kapena nsomba.

Wopanda mchere uja ndi wa ana ndi onse okonda zotsekemera. Sakanizani ndi nthochi yofinya, mango, masuku ochotsa njere, kapena ufa wa malambe, amene ena amati mabuyu, ndi uchi pang'ono. Uchi musapatse mwana wosakwana chaka chimodzi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia muno ndi opinimbira. Mwana amene mimba yake ndi yaing'ono amapeza mapuloteni ochuluka m'masupuni atatu a yogati wosefa osakanizidwa m'phala kusiyana ndi masupuni atatu a mkaka wamadzi. Kuyambira miyezi isanu ndi umodzi akhoza kulawa pang'ono, koma bere la mayi lisalekedwe.

Timipira tosungidwa m'botolo la mafuta, monga amachitira ku Lebanon, timakhala nthawi yaitali kuposa wopaka, koma tikulangiza kuti achite zimenezi okhawo amene ali ndi firiji yodalirika. Adyo wamuwisi womizidwa m'mafuta pamalo otentha akhoza kubala poizoni wakupha amene saoneka ndiponso sanunkha.

Kwa ofuna kugulitsa

Ena mwa inu, makamaka amene munamaliza maphunziro zaka zapitazo, mwayamba kale kuwerengera, poganiza kuti Lusaka ili pafupi ndipo kumeneko kuli anthu ochokera ku India ndi ku Lebanon amene amachidziwa chakudyachi. Maganizowo si oipa, koma yambani ndi pensulo. Kilogalamu imodzi imadya pafupifupi malita atatu. Tengani mtengo wa lita umene mumalandira kumalo osonkhanitsira mkaka, muuchulukitse katatu, muwonjezere makala, mbewu, mchere, zidebe, ndalama ya basi yopita ndi yobwera, ndi tsiku lanu limene simudzakhala kumunda. Ngati wogula salipira zoposa pamenepo, ndiye kuti mukumugwirira ganyu. Kumbukiraninso kuti wogulitsa chakudya cha mkaka kwa anthu amafunika kuyendera kwa a zaumoyo ndi chilolezo cha khonsolo, ndipo wogula wa m'tauni amafuna katundu wofanana sabata iliyonse, mu Febuluwale ndi mu Seputembala momwe, pamene ng'ombe zimakhala zitachepetsa mkaka.

Mkaka wa m'mawa upitebe ku kopaletivi. Kopaletivi imakhala yamphamvu pamene thanki yake ikudzaza, ndipo ndi kumeneko kumene ambiri a ife timapezako ndalama ya pamwezi. Yambani ndi malita awiri a madzulo, kawiri pa sabata, a pakhomo panu. Lembani m'kope tsiku, malita amene munathira, maola amene thumba linalendewera, ndi kulemera kwa zimene munapeza. Mukadzabwera kuno mudzatenge kopelo, kuti tidzayerekeze ndi la anzanu amene amakama ng'ombe za mtundu wina.