Khofi wovundika: n'chifukwa chiyani amadula chonchi?

Kuno ku Manyamula tinazolowera chimanga ndi fodya, koma khofi sali kutali. Alimi a South East Mzimba, omwe ali pansi pa Mzuzu Coffee, amalima kumapiri a boma lathu lomwe lino.

Dziwani kaye kuti khofi wathu wambiri amavundikidwa kale. Akachotsa khungu lofiira lija, njere zimatsala ndi zonanda zotsekemera. Amazisiya m'thanki tsiku limodzi kapena awiri, yisiti ndi mabakiteriya n'kudya shugayo, kenako amatsuka. Ndi sayansi yomwe ija ya chindongwa chikayamba kusasa.

Wodulayo amamutsekera mumgolo mosalowa mpweya. Mmenemo mabakiteriya amapanga asidi wa lactic, yisiti n'kupanga timowa pang'ono, ndipo khofi amatuluka akununkhira ngati zipatso. Koma kukatentha kwambiri, kapena mlimi akachedwa kutsegula, mgolo wonse umanunkha viniga. Zokolola zapita basi!

Choncho mtengowo ukulipira chiopsezo chimenechi komanso ntchito yoyeza kutentha ndi pH. Kakomedweko ine sikandikopa kwenikweni, chifukwa wovundika mopyola amabisa kukoma kwa khofi weniweni. Ndingatulutse ndalama yowonjezerayo pokhapokha ikamafika kwa mlimi amene anaika zokolola zake pachiswe.