Khansala ndi phungu angateteze bwanji chambo

M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN lidaika chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. A ku nyanja ya Malombe adazionera kale: chambo chidasowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makoka a maso ang'onoang'ono atasesa ndi kasawala yemwe. Olemekezeka akhansala ndi aphungu a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, ntchito yanu iyende motere.

Yambani ndi kulawirira ku doko mabwato akamakocheza. Gwirani ukonde ndi manja anu. Ngati ndi neti ya udzudzu yosokedwa pamodzi, dziwani kuti ikukokolola ana a chambo. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo anawo amakulira m'madzi osaya, m'mabango ndi m'maudzu, momwemo mmene neti zoterezi zimakokedwa.

Mukatero khalani pansi ndi mafumu komanso makomiti a pa doko, aja a BVC. Asodzi akuluakulu amadziwa malo amene chambo chimaswanirana. Alembeni malowo amodzi ndi amodzi.

Akhansala, tengani zimene mwagwirizanazo mupite nazo ku khonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limakupatsani mphamvu yopanga malamulo a m'boma lanu. Malamulowo atchule malo oletsedwa, maukonde oletsedwa ndi chindapusa chake. Akapita kwa nduna kuti ikavomereze, muziwalondola, asakagone mu ofesi.

Aphungu, mbali yanu ndi ndalama. Lamulo la za usodzi la 1997 lilipo, koma boti lopanda mafuta silingagwire wozembera nyanja ya Malawi itatsekedwa mu Novembala ndi Disembala. Pokambirana bajeti ku Nyumba ya Malamulo, funsani kuti dipatimenti ya za usodzi yapatsidwa zingati zoyendera pa nyanja, ndipo pakati pa chaka mufunsenso kuti zafika zingati. Ganiziraninso msodzi amene mwamuuza kuti apachike ukonde miyezi iwiri: ana ake adya chiyani? Ntchito zachitukuko zolipira anthu a m'mudzi zigwe m'miyezi imeneyi.

Chovuta kwambiri chikubwera tsopano. Komiti ikalanda ukonde woletsedwa, mwini wake adzakuimbirani foni, mwina ndi yemwe adakuthandizani pa kampeni. Musapite kukamupepesera kwa mfumu kapena ku polisi. Ukonde umodzi ukabwezedwa chifukwa cha inu, komiti yonse imagwa ulesi, ndipo ndi anthu ongodzipereka, osalandira malipiro.

Amene akukayika, mupite nawo ku chilumba cha Mbenji ku Salima. Kumeneko, pansi pa ufumu wa Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya dzinja chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi onse amachoka pa chilumbapo mpaka mfumu itatsegulanso.