Phunziro: Za Kompyuta Yoyezera Galimoto ndi Maso a Mwini Galimoto

Masiku ano pa msewu wochokera ku Liwonde kunka ku Balaka pamayenda magalimoto ambiri ogwirapo kale ntchito ku Japan, monga Toyota Sienta ndi Probox. Eni ake ambiri amayesa kudzikonzera okha, pakuti ndalama n'zosowa ndipo galaja yaikulu ili kutali. Tsono pabuka funso ili: kodi munthu ayambe wagula kachipangizo koyezera galimoto ndi foni, kapena ayambe waphunzira kufufuza vuto ndi maso, makutu ndi manja?

1. Chimene kachipangizoko kamachita

Galimoto ya makono ili ndi kompyuta imene imalandira uthenga kuchokera ku masensa a injini. Ikaona kanthu kosalongosoka, imayatsa nyali yachikasu pa dashibodi ndi kusunga nambala ya vutolo. Njira imeneyi, yotchedwa OBD-II, inakhala lamulo ku America m'chaka cha 1996, ndipo ku Ulaya inakhala lamulo pa magalimoto a petulo mu 2001. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya timabowo 16. Munthu akalowetsapo kachipangizo kotchedwa ELM327, foni yake imawerenga nambalazo. Koma magalimoto ena akale opangidwira anthu a ku Japan okha sayankha tizipangizo totsika mtengo, kotero wogula ayenera kukayesa pa galimoto yake asanapereke ndalama.

2. Chimene sikangathe kuchita

Nambala imanena pamene galimoto ikumva kuwawa, koma sinena chimene chadzetsa matendawo. Mwachitsanzo, P0171 itanthauza kuti injini ikulandira mpweya wambiri ndi petulo wochepa. Wosadziwa amathamangira kukagula sensa yatsopano, chonsecho vuto lingakhale paipi yong'aluka, sefa ya petulo yotsekeka, kapena pampu yofooka. Ndalama zimapita, ndipo nyali ija imayakanso. Ena amangofufuta nambala namayesa kuti akonza. Koma kutero kuli ngati kuletsa mwana kulira osamchotsa munga. Ndiponso batire likafa kompyuta siyankhula konse, ndipo pa magalimoto ambiri sidziwa kanthu za tayala lotha kapena lamba wokutha.

3. Zoyenera kuyamba kuona

Injini ya petulo ifuna zinthu zitatu: mafuta, mpweya ndi moto. Choncho mwini galimoto ayambe ndi izi.

Batire: aone ngati zomangira zake zili zolimba ndi zopanda dzimbiri loyera lija. Batire lodzaza limaonetsa mavoti ngati 12.6 injini ili chete, ndi pafupifupi 14 injini ikulira. Aonenso mafyuzi.

Mpweya: m'chilimwe misewu ya fumbi ya ku Nsanama, ku Ntaja ndi ku Phalula imatseka sefa ya mpweya msanga. Kuitsegula ndi kuiyang'ana sikulira ndalama.

Mafuta: pamene mafuta anasowa m'dziko muno m'zaka za 2022 mpaka 2024, anthu ambiri anagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo wina anali ndi zinyalala kapena madzi. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, amene wakhala akupangidwa ku Dwangwa chiyambire 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi akasungidwa mosasamala. Galimoto ikayamba kutsokomola itangothiridwa mafuta, ayambe kukayikira mafutawo.

Madzi ndi oyilo: dera la m'mbali mwa mtsinje wa Shire limatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Aone madzi m'mawa injini isanalire, ndipo asatsegule chivindikiro cha ladiyeta ikali yotentha, kuopa kupsa ndi nthunzi.

4. Kugwirizanitsa ziwirizi

Izi zonse zikapezeka bwino, ndiye nthawi yofunsa kompyuta, ndipo apa imathandizadi. Tiyerekeze kuti yaonetsa P0301, kutanthauza kuti silinda yoyamba siikuyaka bwino. Munthu wanzeru sagula kanthu msanga: amachotsa koilo ya silinda yoyamba naisinthanitsa ndi ya silinda yachiwiri. Nambala ikasanduka P0302, koilo ndiyo yolakwa. Ikakhala momwemo, afufuze pulagi kapena injekita. Motero kompyuta imaloza njira, koma manja ndiwo amatsimikiza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

5. Pamene munthu ayenera kuleka

Nyali yachikasu ikamaphethira, kapena nyali yofiira ya oyilo ikayaka, aimitse galimoto pomwepo, chifukwa kupitirira kumaononga injini. Za mabuleki ndi chiwongolero apite nazo kwa amakaniko odziwa, pakuti galimoto yomweyo imene inyamula katundu wa kumsika ndiyo idzathamangitsa wodwala usiku ku chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde. Moyo wa munthu suli chinthu choyeserapo luso.

Mafunso okambirana

1. Kodi nambala ya pa kompyuta imanena chiyani, nanga sinena chiyani?
2. Ndi zinthu ziti zinayi zoyenera kuona munthu asanatenge foni?
3. Ndi ntchito ziti zimene mwini galimoto sayenera kuchita yekha?